Dzina la pa Tsamba Lachinayi

Ana ankawatchula kuti a Wakuuzandani, ndipo ifenso antchito anzawo tinkawatchula choncho akangotembenuka. Dzinalo analipala okha ndi pakamwa pawo. Ukawauza kuti basi yakwera mtengo, iwo amafuna adziwe wakuuza. Ukati mphunzitsi wa masamu akusamutsidwa, amafunsa ngati kalatayo waiona ndi maso ako. Tsiku lina mlonda anathamangira mu ofesi ya aphunzitsi ali wefuwefu kudzanena kuti kuseri kwa zimbudzi kuli njoka, bambowa n'kuyamba kaye amufunsa ngati waiona yekha kapena wachita kumva. Pamene ankamaliza kufunsana, njoka inali italowa kale kudzenje kwake.

Ine ndimayang'anira laibulale ya pasukulu yathu ya sekondale, komanso ndine amene ndimatayipa chilichonse chimene sukulu ikufuna kusindikiza. Ndisanakhale mnzawo wa ntchito ndinali mwana wawo wa m'kalasi, ndiye cholembera chawo chofiira ndinayamba kuchiopa ndili mtsikana. Mpaka lero, ndili ndi ana anga awiri, uthenga wa pafoni ndimauwerenga kawiri ndisanautumize.

Khalidwe limeneli silinangowagwera. Bambo awo anali wosunga katundu pa kampani ina yonyamula katundu, ndipo anachotsedwa ntchito ndi kalata yoyamba ndi mawu akuti "Tamva kuti". Amene ananena sanadziwike, chimene chinasowa sichinatchulidwe, koma munthu anabwerera kunyumba ndi kapu yake ya tiyi m'thumba. Aphunzitsiwa anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndi iwo amene anawerengera mayi awo kalatayo. Nkhaniyi ankaifotokoza chaka chilichonse pa tsiku loyamba la kalasi, n'kumalizira ndi mwambi uja wakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anaphunzitsa ana a kalasi yomaliza za mavuto a dziko lapansi a masiku ano, ndiponso kalembedwe ka kafukufuku. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mpopi wodontha. Pakhoma panali mapu akale kwambiri moti mayiko ena anali atasintha mayina, iwo n'kukonza ndi inki. Pawindo panali mabokosi a nsapato odzaza timakadi todulidwa kuchokera ku makatoni a choko. Lamulo linali limodzi: kutsogolo kwa kakhadi ulembe mfundo imodzi, kuseri ulembe amene wanena, tsiku, ndi malo. Kakhadi kopanda kanthu kuseri ankakang'amba mwini wake akuona.

Ndisaname, kuphunzitsa ankakudziwa. Akafika pa za kusintha kwa nyengo ankatuma ana kukafunsa ogulitsa masamba kumsika kuti mitengo yasintha bwanji pa zaka khumi. Pa za anthu othawa kwawo, mwana aliyense ankalemba zinthu zisanu zimene angatenge atapatsidwa mphindi khumi, kenako iwo ankadutsa mzere ndi mzere n'kumafufuta zitatu. Makompyuta atabwera tinkati mdalayu athawa, koma ndi iwo anayamba kuvutitsa ana kuti afufuze mwini wa tsamba lililonse la pa intaneti asanakhulupirire zolembedwapo. Kunyumba nako kunalibe tchuthi. Akazi awo anandiuza akuseka kuti tsiku limene anawauza kuti ali ndi pakati, bambowa anapempha kaye kuona kapepala ka kuchipatala.

Chaka chimene ndikunenachi m'kalasi mwawo munali mtsikana amene anzake ankamutcha Kachete. Ankakhala mzere wachitatu cha kuwindo, ndipo nthawi yopuma ankathera mu laibulale mwanga. Bambo ake kunalibe. Mayi ake ankasoka makolala pa fakitale ya malaya imene ili kutsidya kwa mlatho, ija imatumiza malaya ake kunja, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa Kachete ndi azing'ono ake awiri.

Teremu yachiwiri aphunzitsi analowa m'kalasi n'kuuza aliyense kuti apinde kolala ya mnzake awerenge kansalu kosonyeza kumene malayawo anasokedwa. Mayiko amene anatuluka anadzaza bolodi. Kafukufuku wa teremuyo anali woti mwana aliyense asankhe chinthu chimodzi n'kuchilondola kuchokera kumene chinayambira. Ena anasankha foni, ena botolo la pulasitiki. Kachete anasankha malaya.

Anawalondola kuchokera m'munda wa thonje mpaka pa sitima ya pamadzi, mpaka m'sitolo ya kutali kumene malaya amodzi amagulidwa mtengo umene wosoka sangaulote. Zonsezo anazipeza m'mabuku ndi pa intaneti. Koma pa tsamba lachinayi analemba zimene "wantchito wina" anamuuza. M'holo yosokera muli azimayi mazana awiri ndi zitseko ziwiri. Chitseko cha kuseri, chothawira moto, chimakhala chomangidwa ndi tcheni ndi loko kuti pasapezeke wotulutsa nsalu. Tsiku limene ogula a kunja atumiza anthu odzayendera, tchenicho chimachotsedwa m'mamawa, mabokosi amachotsedwa m'njira, ndipo azimayi amauzidwa zoyankha. Galimoto ya alendo ikangotuluka pageti, loko amabwerera. Pansi pake Kachete anaikapo zimene anawerenga za mafakitale a m'mayiko ena amene anapsa anthu ali m'kati, ndipo sanathire ndemanga ina iliyonse.

Aphunzitsi anawerengera pepalalo mu laibulale. Ndinawaona akuimirira, kukhala, n'kuimiriranso. Anandiuza kuti chiyambireni ntchito sanaonepo mwana wolemba chonchi. Kenako anatulutsa cholembera chofiira n'kuzunguliza mawu awiri aja katatu.

M'mawa mwake ndinali m'kalasimo kukasiya makatoni odula, ndiye zonse ndinazimva ndekha. Anayamba ndi kumuyamikira, mwana mpaka kubisa nkhope. Kenako anafunsa kuti wantchito winayo ndi ndani.

"Anati ndisalembe dzina, aphunzitsi," anatero Kachete.

"Ndiye kuti sananene kanthu. Kafukufuku wopanda dzina ndi miseche yovala tayi."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, makatoni ali m'manja. Aphunzitsi anamuuza kuti akapanda kulemba dzina, tsiku ndi malo, tsamba lachinayi lichoke, ndipo likachoka pepalalo lidzakhala ngati la wina aliyense. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amene wangouzidwa kumene pamaso pa anzake kuti ndi katswiri, mukuganiza angasankhe chiyani? Lolemba anabweretsa pepala lokonzedwa.

Apa ndiye pamene manyazi anga amayambira. Mu laibulale mwanga, pa shelefu yachiwiri, munali buku la kachitidwe ka kafukufuku lokhala ndi mutu wathunthu wonena kuti munthu amene angavutike chifukwa cha zimene wakuuza, dzina lake umalibisa. Mutuwo ndinauwerenga pamene ndinkalikuta bukulo ndi pulasitiki. Aphunzitsi anali asanalibwerekepo, chifukwa ankadalira manotsi awo a kukoleji amene mapepala ake anali atasanduka achikasu. Ndikanangolinyamula n'kukaliika pa tebulo lawo, osanena ngakhale liwu limodzi, zikanatha. Koma ndinkati ine ndani wokaphunzitsa a Wakuuzandani kafukufuku.

Chaka chilichonse mapepala asanu opambana tinkawasindikiza m'kabuku kogawira makolo pa tsiku la mphoto. Ndikutayipa la Kachete ndinafika pa tsamba lachinayi, zala zinaima zokha. Panali dzina lonse la mayi ake, mzere wa makina umene amakhala, tsiku, ndi malo: kukhitchini kwathu. Ndinalifufuta dzinalo. Ndinakhala ndikuyang'ana malo opanda kanthuwo mwina mphindi ziwiri. Kenako ndinakumbukira kuti aphunzitsi amafananitsa zotayipa ndi zolemba pamanja mzere ndi mzere, ndipo ndinalibwezeretsa. Ndinaonetsetsanso kuti ndalilemba molondola.

Tinasindikiza timabuku mazana atatu. Pa tsiku la mphoto Kachete analandira dikishonale yaikulu, mayi ake ali kumbuyo kwa holo akuomba m'manja mpaka chikwama kugwa. Mzere wakutsogolo kunakhala bambo wina wa suti yotuwa amene mwana wake anali m'kalasi yachiwiri. Nayenso anaomba m'manja, kabuku kali pamwendo. Anali mkulu wolemba ndi kuchotsa antchito pa fakitale ija.

Patapita masiku asanu ndi anayi, khadi lolowera ku ntchito la mayi a Kachete linakana kutsegula geti la fakitale. Mlonda anawauza adikire pambali, anzawo akudutsa. Dzuwa litakwera kunabwera uthenga woti apite kunyumba mpaka adzaitanidwe.

Kachete anajomba masiku atatu. Tsiku lachinayi anabwera kudzabweza mabuku onse a laibulale, ena tsiku lake lisanakwane, ndipo ndi pamene ndinamufinya mpaka ananena. Anati akapanda kuwaitana mayi ake mwezi uno, iye asiya sukulu akafune ntchito. Ndinapita kumapeto kwa khonde kukawauza aphunzitsi. Aphunzitsi anamvetsera mpaka ndinamaliza, nkhope inagwa, ndipo anangoti ndikatenge juzi, tipite limodzi.

Pa fakitale anatikhazika pa benchi ya polandirira alendo pafupifupi ola lathunthu. Phokoso la makina linkamveka kudzera m'khoma, ndipo pamwamba pathu panali masatifiketi a m'mafelemu otamanda chitetezo cha antchito. Mkulu uja atatiitana sanakalipe ayi. Anatipatsa mipando, anafunsa za khalidwe la mwana wake m'kalasi, kenako anatulutsa kabuku kathu mu dirowa. Anafotokoza modekha kuti ogula a kunja ndi anthu amantha, tsamba ngati limeneli likawafika amangosamukira ku fakitale ya dziko lina, ndipo opita kunyumba sakhala mayi mmodzi koma mazana awiri. Iye sankafuna zambiri. Ankafuna kalata yonena kuti za pa tsamba lachinayi mwanayo anangopeka, mayi ake sananenepo, yosayinidwa ndi mphunzitsi ndi kudindidwa ndi sukulu, kuti aisunge m'faelo. Kalatayo ikafika, mayiyo abwerera pa makina.

Aphunzitsi anafunsa ngati chitsekocho chimakhaladi chokhoma. Mkuluyo anamwetulira n'kuyankha kuti za chitseko ndi za dipatimenti ina. Ndiye aphunzitsi anapempha kuti alembe kuti ndi iwo amene anawonjezera ndimeyo, mwana asakhudzidwe.

"Inu, aphunzitsi? Tauni yonse ino ikukudziwani. Palibe angakhulupirire kuti inu mungapeke nkhani. N'chifukwa chake ndikufuna siginecha yanu, osati ya ahedi."

Pobwerera sitinakwere basi. Tinaoloka mlatho wapansi, iwo patsogolo ine pambuyo. Ndinkayang'ana zigamba za m'zigongono za jekete lawo, ndipo ndinkafuna kuwauza za buku lija ndi za dzina limene ndinafufuta n'kubwezeretsa. Sindinawauze tsiku limenelo. Ndinadikira zaka ziwiri.

Masiku awiri otsatira anakhala pa tebulo la pakona mu laibulale akulemba n'kumang'amba. Dengu la zinyalala ndinkakhuthula ndine, ndipo ndikuvomera kuti ndinkasuzumira. Palibe pepala limene linapitirira mzere wachiwiri. Munthu amene moyo wake wonse anaumanga pa kusanama ankafunika kulemba kuti mwana wonena zoona ndi wabodza, apo ayi banja la anthu anayi ligone ndi njala chifukwa cha lamulo lake. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinawakwiyira, chifukwa tsiku lililonse limene iwo ankalimbana ndi chikumbumtima chawo linali tsiku linanso limene mayi uja ankakhala pakhomo.

Tsiku lachitatu Kachete analowa atanyamula dikishonale ija ndi pepala limodzi. Nkhani ya kalata anali ataimva kwa mnzawo wa mayi ake. Anaika dikishonale pa tebulo langa, pepala anapereka kwa aphunzitsi. Inali kalata yolembedwa pamanja, keyala pamalo pake, tsiku pamalo pake, mutu wodulidwa mzere kunsi monga anamuphunzitsira. Inkati iye, mwini dzina, anapeka zonse za pa tsamba lachinayi pofuna kupambana mphoto, ndipo akupepesa kwa fakitale, kwa sukulu ndi kwa mayi ake. Kumunsi anasiya malo a mboni.

Aphunzitsi anamuuza kuti iwo sangamupemphe chinthu chotere. Kachete anati palibe amene wamupempha. Aphunzitsi anamuuza kuti zimene analemba pa tsamba lachinayi zija ndi zoona, ndipo ndi pepala labwino koposa limene analiwerengapo.

"Amayi akhala pakhomo sabata yathunthu, aphunzitsi. Ingoonani ngati muli zolakwika, kuti aitayipe."

Anaiwerenga kawiri, cholembera chofiira chili m'manja mwa chizolowezi. Munalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndinaitayipa ine, ndi zala zomwe zija. Iwo anabwereka cholembera changa chabuluu n'kusayina. Chidindo ndinachita kudinda kawiri chifukwa inki inali itauma.

Madzi akatayika saoleka, koma ife tinayesa kuwaola, ndipo m'kuolako ndi mmene tinanyozekera kwenikweni. Ahedi analamula kuti timabuku tonse tibwezedwe. Ine ndi aphunzitsi tinayenda kalasi ndi kalasi ndi katoni, kenako tinakhala mu laibulale masana onse tikudula tsamba lachinayi ndi lezala. Lolemba pa asembule ahedi analengeza kuti mphoto yalandidwa chifukwa wolemba anapeka umboni, ndipo anapempha ana onse kutengera chitsanzo cha aphunzitsi awo amene salekerera bodza. Ana anaomba m'manja. Aphunzitsi anaima pambali pa ahedi maso ali pa nsapato, Kachete ali mumzere wake akuyang'ana kutsogolo. Kuyambira tsiku limenelo anzake anasiya kumutcha Kachete, anayamba kumutcha Mpeki.

Mayi ake anaitanidwa sabata yotsatira. Kachete anamaliza sukulu ndipo anakhoza bwino kwambiri, koma sanalembenso chilichonse chimene anaona ndi maso ake kapena kumva ndi makutu ake. Mapepala ake ankadzaza ndi mawu a m'mabuku, aliwonse ndi gwero lake, ndipo aphunzitsi ankamupatsa malikisi onse chifukwa panalibe pochotsera. Buku la pa shelefu yachiwiri lija anadzalipeza okha. Chaka chotsatira timakadi tinali ndi mzere wachinayi kuseri, wofunsa chimene chingamuchitikire mwini dzina likatuluka. Patapita zaka ziwiri anapuma ntchito nthawi yawo isanakwane, akuti maso. Panopa amathandiza akazi awo pa kasitolo ka zolembera pafupi ndi siteji ya basi, ndipo ana a sukulu akabwera kudzagula makope amawasiyira mayiwo, iwo n'kulowa kuseri.

Anthu amati chinawathyola ndi kalata ija, ena amati ndi asembule. Ine ndinalipo, ndipo ndikuganiza kuti linali tsiku lina, patangotha sabata ziwiri mayi a Kachete atabwerera ku ntchito.

Anabwera nthawi ya nkhomaliro, atavala epuloni ya kufakitale, timaulusi tili mbwee pa siketi, chala chimodzi chili ndi pulasitala. Mlonda anawalozera ku laibulale chifukwa ndi kumene aphunzitsi ankabisala masiku amenewo. Ndinkaganiza kuti abwera kudzalavula zakukhosi, ndipo kunena zoona ndinkalakalaka atatero. M'malo mwake anagwira dzanja la aphunzitsi ndi manja awiri n'kuyamba kuthokoza. Anati ena akanakana kusayina, koma iwo anaganizira ana. Anati mwanayu ndi wamng'ono, amukhululukire powachititsa manyazi pamaso pa makolo. Anatulutsa mipango itatu ya m'thumba imene anapinda m'mphepete okha, n'kuiika pa tebulo.

Aphunzitsi anayesa kupepesa, koma mayiwo sanawalole kumaliza. Anati zapita zapita, chachikulu ana akudya. Kenako aphunzitsi anatsitsa mawu n'kufunsa ngati tsopano, pambuyo pa zonsezi, tcheni chija chinachotsedwa pa chitseko cha kuseri.

Mayiwo anandiyang'ana ine, anayang'ana kuwindo, n'kubweza manja awo m'thumba la epuloni.

"Chitseko chiti, aphunzitsi? Paja munasayina nokha kuti mwanayu anangopeka."

Anatsanzika mwaulemu, akuti belu limalira wani koloko ndipo wochedwa amalembedwa. Tinaima pawindo tonse awiri tikuwaona akutuluka pageti la sukulu. Atafika pamsewu anayamba kuthamanga kulowera kumlatho, kuti belu liwapeze ali kale m'kati mwa holo ija.